Negetivu za malemu bambo n'zazing'ono: ndingazikulitse bwanji?

Funso la lero lachokera ku Nkhotakota. Wolembayo akuti bambo ake, omwe anatisiya zaka zingapo zapitazo, anali wojambula woyenda pa njinga. Ankazungulira pa boma, kutsikira ku Chia, nthawi zina kukafika ku Dwangwa, kujambula maukwati, ubatizo, ana a sukulu ndi asodzi kugombe. Anasiya katoni yodzaza ndi negetivu za filimu ya 35mm, zina zakuda ndi zoyera, zina za kala, komanso enlarger, chipangizo chokulitsira zithunzi, yomwe mpaka pano ikuyaka. Mwana wawoyu waphunzira kutsuka zithunzi za buluu za padzuwa, zija amati cyanotype, koma akagoneka negetivu ya bambo papepala, kachithunzi kamatuluka kakang'ono ngati sitampa ya pa kalata. Anayesa kusiya pepalalo pansi pa enlarger ola lathunthu, silinasinthe mtundu n'komwe. Ndiye akufunsa kuti: "Kodi pali njira yokulitsira negetivu yeniyeniyo m'chipinda chamdima, popanda kompyuta?"

Njira ilipo, achimwene, ndipo ndi yakale kuposa kompyuta. Zikomo posunga katoniyo. Makatoni ambiri otere anadyedwa ndi chiswe, ena ana anathera kuseweretsa, ndipo nkhope za anthu a m'midzi yathu zinapita nawo limodzi.

Koma ndisanalowe m'funso lanu ndikupempheni chinthu chimodzi: kuyambira lero musagonekenso negetivu za bambo papepala la cyanotype. Mwa mankhwala awiri amene mumasakaniza aja, ferric ammonium citrate ndi potassium ferricyanide, wachiwiriyo amadya siliva yemwe amapanga chithunzi pa negetivu zakuda ndi zoyera. Ndi yemweyo amene timagwiritsa ntchito mwadala tikafuna kupepuza negetivu yomwe yada mopitirira. Pepala likangotsala ndi kachinyezi, ndipo kuno kunyanja m'dzinja pepala siliuma msanga, galasi likatentha padzuwa chinyezicho chimatuluka n'kukamatira pa negetivu, ndipo mawanga ake safufutika. Za kala zilibe siliva, komabe utoto wake umasuluka ndi dzuwa. Negetivu yaikulu yomwe tikufuna kupangayi ndiyo izikagwira ntchito ya padzuwa, ya bambo izikhala mumthunzi.

Enlarger yanu si yowonongeka ayi. Mankhwala a cyanotype amamva kuwala kwa ultraviolet, komwe dzuwa lili nako kochuluka, pomwe babu la enlarger limatulutsa kochepa zedi, ndipo kochepako galasi la lenzi limakutchinganso. Ngakhale mukanadikira tsiku lonse sipakanaoneka kanthu. Njira zonse zakale za mtundu umenewu, cyanotype yomwe John Herschel anatulukira mu 1842, platinum yomwe William Willis analembetsa mu 1873, Van Dyke ya bulauni ndi zina, zimafuna kuti negetivu igone papepala penipeni. Kukula kwa negetivu ndiko kukula kwa chithunzi. N'chifukwa chake ojambula akale ankasenza makamera aakulu ngati bokosi la zovala. John Kirk, dokotala yemwe anayenda ndi David Livingstone pa nyanja yathu ino mu 1861, ankajambula pa negetivu za pepala lopaka phula, ndipo chithunzi chinkatuluka molingana ndi pepalalo. Bambo anu anali ndi kamera yaing'ono, kachithunzi kake ndi mamilimita 24 ndi 36 basi, ndiye kukulitsa komwe kamera sinachite tikuchita ife m'chipinda chamdima.

Ntchitoyi imayenda masitepe awiri. Kuchokera ku negetivu ya bambo mumapanga pozitivu pa filimu, ndiye kuti chithunzi chooneka mwachibadwa, choyera poyera chakuda pakuda, koma choonekera ngati galasi. Kuchokera ku pozitivuyo mumapanga negetivu yatsopano. Kukulitsa kungachitike pa sitepe iliyonse mwa awiriwa. Ena amapanga pozitivu yaing'ono pogoneka negetivu pa filimu, kenako n'kuiika mu enlarger, poti zimapulumutsa filimu. Ine ndimakonda kukulitsa pa sitepe yoyamba, pozitivu ikhale yaikulu kale, kenako negetivu ndingoigoneka pansi pake. Zimadya mafilimu aakulu awiri pa chithunzi chimodzi, koma kafumbi komwe kagwera pa pozitivu sikakulitsidwanso, ndipo pozitivu yaikulu mumatha kuikonza ndi dzanja.

Filimu yoyenera ndi ija amati ortho, yosaona kuwala kofiira, moti mumagwira ntchito getsi lofiira likuyaka, mukuona zomwe manja anu akuchita. Ilford Ortho Plus ndiyo yabwino koposa, imasunga kutuwa konse kuchokera poyera mpaka pakuda, koma njodula ndipo muyenera kuitanitsa kunja. Palinso filimu ya lith, yomwe osindikiza mabuku ndi nyuzipepala ankapangira mapuleti awo. Njotsika mtengo, koma inapangidwira zilembo, chibadwa chake ndi chakuda bii kapena choyera mbee, ndipo kuti ikupatseni kutuwa muyenera kuinyengerera ndi developer (mankhwala otulutsa chithunzi pa filimu) wosungunula kwambiri. Yachitatu ndiyo mungaipeze m'dziko muno: filimu ya X-ray, kwa ogulitsa zipangizo zachipatala ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Imabwera m'masaizi a masentimita 18 ndi 24, 24 ndi 30, mpaka 35 ndi 43. Mukamagula nenetsani kuti mukufuna yotsuka ndi mankhwala, chifukwa zipatala zambiri zikusamukira ku makina a kompyuta, ndipo filimu youma ya makina amenewo siingakuthandizeni. Yang'ananinso deti pa bokosi. Filimu yogonera m'sitolo yotentha imachita chifunga isanaone n'kuwala komwe.

Langizo langa ndi loti muyambe ndi X-ray ya 18 ndi 24. Negetivu ya 35mm ikhala itakula pafupifupi kasanu ndi kawiri, zomwe lenzi wamba ya 50mm imakwanitsa bwino, ndipo mafilimu oyamba, omwe mudzawononga ndithu, sadzakupwetekani m'thumba. Dziwani chabe kuti filimuyi ili ndi mankhwala mbali zonse ziwiri. Ikanyowa imafewa kwambiri, chikhadabo kapena mizere ya pansi pa thireyi zimaikanda nthawi yomweyo. Ikani galasi losalala pansi pa thireyi iliyonse, muwenge zikhadabo, ndipo muzitsuka imodzi imodzi. Mbali ziwirizo zimachepetsako kuthwa kwa chithunzi, koma pa pepala la cyanotype, lomwe n'lokhakhala kale, diso silizindikira. Ena amachotsa mbali imodzi ndi Jik filimu ikauma. Ine sindiona phindu lake pa ntchito yanuyi, kumangochepetsa kuda kwa negetivu ndi theka.

Chipinda chamdima cha kunyanja chili ndi mavuto akeake, ndipo loyamba ndi getsi. Getsi la chikasu kapena la olenji lomwe bambo ankatsukira mapepala silingachite, pafunika lofiira kwenikweni. Ka LED kofiira ka pa batire kamagwira ntchito, komanso sikakusiyani m'mdima magetsi akathima, koma kayeseni kaye. Ikani kachidutswa ka filimu pomwe muzigwirira ntchito, sanjikanipo ndalama yachitsulo, dikirani mphindi zisanu, tsukani. Mukaona chizungulire cha ndalamayo, getsi likuwononga filimu. Lisunthireni kutali kapena liloze kudenga.

Lachiwiri ndi kutentha. Nthawi zolembedwa pa mabotolo a mankhwala zimawerengera madzi a madigiri 20. Kuno ku Salima komwe ndili, ndipo kwanu n'chimodzimodzi, mu Okutobala ndi Novembala madzi a mumpope amatuluka ofunda ngati osamba mwana. M'madzi otere developer amathamanga, chithunzi chimalimba mopitirira, ndipo mankhwala a pa X-ray amatha kusupuka. Ine ndimagwira ntchito m'bandakucha, thireyi ya developer ndimaikhazika m'beseni la madzi momwe ndaponyamo botolo la ayisi, ndipo ndimayesetsa kuti isapitirire madigiri 24. Chachikulu n'chakuti kutentha kuzikhala komweko tsiku lililonse, ndipo mathireyi onse asasiyane kwambiri. Kagulireni thermometer, ngakhale ya kukhitchini. Miyezi ya Juni ndi Julayi ndiyo yokoma pa ntchitoyi, kungoti mwera umabweretsa fumbi, ndiye kolopani chipinda ndi nsalu yonyowa ola limodzi musanayambe. Magetsi akamaphethira, babu likuwala n'kumachepa, siyani kaye, chifukwa masekondi omwe mwayesa sakhalanso oona.

Musanaike negetivu ya bambo mu enlarger, iyang'aneni pa kuwala. Ngati yachita chuku, timizere toyera tonga ukonde wa kangaude, musaiviike m'madzi. Chuku chimadya gelatin yemwe amagwira chithunzi pa filimu, ndipo pomwe chadyapo madzi amasungunula chithunzi chonse. Ipemerereni mpweya, ipukuteni mopepuka ndi kabulashi kofewa, ndipo ngati pakufunika, gwiritsani isopropyl alcohol wosasakaniza madzi pa kansalu kosalala.

Pali lamulo limodzi loteteza kuti chithunzi chisatembenuke, dzanja lamanja kukhala lamanzere. Filimu ili ndi mbali yonyezimira ndi mbali yosanyezimira, ndipo yosanyezimirayo ndiyo nkhope yake, pomwe pali mankhwala. Pa sitepe iliyonse nkhope iyang'anizane ndi nkhope. Negetivu ya bambo mu enlarger nkhope pansi, filimu yatsopano nkhope m'mwamba. Pogoneka pozitivu pa filimu yachiwiri, nkhope kwa nkhope. Pogoneka negetivu yaikulu papepala, nkhope kwa nkhope. Pa X-ray, poti mbali zonse n'zofanana, dulani kangodya ka kumanja kumwamba musanayatse enlarger, ndipo mbali yomwe yayang'ana kuwala muziitenga ngati nkhope. Pansi pa filimu yalani pepala lakuda, chifukwa thabwa loyera limabweza kuwala n'kuchititsa chifunga m'mbali mwa zinthu zakuda.

Tsopano pozitivu, ndipo apa ndichedwapo, chifukwa ntchito yonse imapindula kapena kufera pamenepa.

Mtima wanu udzafuna pozitivu yokongola, yowala ngati chithunzi cha pakhoma. Ikatuluka yotero, yalakwika. Pozitivu yabwino imaoneka yotuwa, yolemera, yosasangalatsa, ngati nyanja m'mawa wa mitambo. Ganizirani chithunzi cha ukwati chomwe bambo anajambula pansi pa mtengo wa mango: diresi loyera la mkwatibwi likuwombedwa ndi dzuwa, suti yakuda ya mkwati, nkhope za akuluakulu zili mumthunzi. Pa pozitivu, diresi ndilo malo opyapyala kwambiri. Mukapereka kuwala kochepa, pamenepo pamangokhala filimu yoonekera, mapindo ndi maluwa a diresi kulibe. Nkhope za mumthunzi ndizo malo okhuthala. Mukatsuka mwamphamvu, maso, mphuno ndi masaya zimalowa mumdima umodzi ndi suti. Khungu lathu lakuda limakhala m'dera lomwelo lomwe filimu imafulumira kutseka, ndiye ife tiyenera kusamala kuposa momwe malangizo a pa bokosi amanenera. Chomwe chatayika pa pozitivu sichibwereranso pa negetivu, ngakhale mutachita chotani. Koma kusiyana kwa poyera ndi pakuda kukachepa, mumakuwonjezera mosavuta pa sitepe yachiwiri. Ndiye perekani kuwala kokwanira, tsukani mofatsa.

Ndinaziphunzira movutikira. Chithunzi changa choyamba kuchikulitsa chinali cha mayi wina akuyanika usipa pa thandala ku Senga Bay, atafunda chitenje kumutu. Pozitivu inatuluka yokoma moti ndinaipachika pawindo kumaisirira. Nditapanga negetivu n'kutsuka chithunzi padzuwa, usipa wonse unasanduka nsalu imodzi yoyera, osaonekanso kansomba n'kamodzi komwe, ndipo pansi pa chitenje panali dzenje la buluu m'malo mwa nkhope. Ndinataya sabata yathunthu ndikusintha nthawi ya negetivu, osadziwa kuti usipawo unali utafera kale pa pozitivu. Nditabwerera n'kuwirikiza kuwala, developer n'kumusungunula kawiri, pozitivu inatuluka yonyansa, koma pa chithunzi chotsiriza nsomba iliyonse inali ndi diso lake, ndipo mayiwo ankaoneka kuti akumwetulira pang'ono.

Kachitidwe kake nkotere. Filimu ya X-ray imamva kuwala msanga kuposa pepala, ndiye chepetsani kabowo ka lenzi mpaka pa f/16. Dulani kachidutswa, kagonekeni podutsa malo oyera kwambiri ndi akuda kwambiri a chithunzi, muyatse masekondi awiri awiri mukusuntha katoni yotchingira. Ngati ngakhale masekondi awiri akudetsa kwambiri, ikani babu la mphamvu yochepa, pakuti nthawi yaifupi chotere simungailamulire ndi dzanja. Developer yemwe ndimadalira ndi Rodinal, mamililita 10 mu lita imodzi ya madzi, kwa mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi poyambira, ndikugwedeza thireyi pang'onopang'ono osaleka ndi kutembenuza filimu mphindi iliyonse kuti mbali zonse zimwe mofanana. Ngati muli ndi developer wa mapepala ngati Dektol, musungunuleni kwambiri, gawo limodzi m'magawo 10 kapena 15 a madzi. Manambalawa ndi poyambira chabe, madzi anu ndi filimu yanu zidzakuuzani zoona zake. Developer wosungunula chotere amatopa msanga, mukatsuka mafilimu awiri sakanizani wina. Poimitsa ntchito ya developer gwiritsani madzi okha, chifukwa asidi wamphamvu amaboola timabowo pa filimu, makamaka ya lith. Mu fixer, mankhwala okhazikitsa chithunzi, onani nthawi yomwe filimu yatenga kuti iyere, muiwirikize kawiri.

Musaweruze filimu ili m'thireyi pansi pa getsi lofiira, pamenepo chilichonse chimaoneka chakuda kuposa mmene chilili. Yatsani getsi loyera, ikwezeni moyang'ana khoma lowala. Yerekezani diresi lija ndi m'mphepete mwa filimu momwe kuwala sikunafike. Diresi liyenera kukhala lotuwirapo moonekeratu, mapindo ake akuwerengeka. Kenako yang'anani nkhope za mumthunzi ndi kolala wa suti. Ngati mukuona maso ndi mzere wa kolala, mwakhoza. Diresi likasowa mapindo, onjezani kuwala. Nkhope zikatseka, chepetsani nthawi ya developer kapena onjezani madzi. Zinthu ziwirizi musazisokoneze: kuwala kumalamulira malo opyapyala, developer amalamulira malo okhuthala. Ndipo musinthe chimodzi pa nthawi, mukulemba m'kope.

Ubwino wina wa pozitivu yaikulu ndi uwu. Enlarger ikuyaka, mutha kutchinga nkhope ya agogo kwa masekondi angapo ndi kakatoni komata pa waya, mukukagwedeza, kuti isade kwambiri, kapena kuwonjezera kuwala pa thambo lomwe layera mopitirira. Mukachita zimenezi kamodzi pa pozitivu, zithunzi zonse zotsatira zidzatuluka zokonzedwa kale. Padzuwa simungatchinge nkhope kwa mphindi khumi dzanja lili m'mwamba.

Sitepe yachiwiri njosavuta. Pozitivu iume kaye gwaa. Chotsani negetivu ya bambo mu enlarger muibwezere m'malo mwake, kwezani mutu wa enlarger pamwamba kuti kuwala kufalikire mofanana, yalani nsalu yakuda yofewa, filimu yatsopano, pozitivu, ndipo pamwamba galasi lolemera la mamilimita asanu kapena asanu ndi limodzi. Galasi lopepuka silikanikiza bwino, ndipo pomwe mafilimu sanakhudzane chithunzi chimachita mbuu. Yesaninso ndi kachidutswa. Pano zinthu zatembenuka: nkhope za mumthunzi ndizo malo opyapyala, ndiye kuwala kukwane mpaka zioneke pang'ono pokha koma zonse, osati filimu yoyera. Developer akhale wamphamvupo, Rodinal mamililita 20 mu lita, chifukwa apa ndi pomwe mukubwezera mphamvu yomwe munaibweza dala pa pozitivu.

Mphamvu yochuluka bwanji? Zimatengera pepala lomwe negetivuyo ikukagonapo. Akatswiri amayeza kuda kwa filimu ndi nambala yotchedwa density, ndipo 0.3 iliyonse ikutanthauza kuti kuwala kodutsa kwachepa ndi theka. Chofunika ndi mpata wa pakati pa malo opyapyala ndi okhuthala. Pepala wamba la m'chipinda chamdima limafuna mpata wa pafupifupi 1.0. Cyanotype ya masiku onse, ija ya magalamu 25 a citrate ndi magalamu 10 a ferricyanide, lililonse m'mamililita 100 a madzi, imafuna wofanana ndi umenewo kapena wokulirapo pang'ono. Van Dyke ndi palladium zimafuna 1.6 kapena kuposa. Choncho muli ndi mwayi, cyanotype siifuna negetivu yakuda kwambiri, ndipo ambiri amalakwitsa poipitiriza. Makina oyezera density simuwafuna. Ngati wina akubwera kuchokera kunja, mutumeni kachingwe ka filimu ka Stouffer ka masitepe 21, sitepe iliyonse 0.15. Mukakagoneka papepala lanu padzuwa n'kuwerenga masitepe omwe aoneka, mwadziwa mpata womwe pepalalo limanyamula. Popanda kameneko, gonekani negetivu youma pa nyuzipepala: pa malo akuda kwambiri zilembo zizioneka movutikira, osati kusoweratu. Koma woweruza weniweni ndi dzuwa. Pangani negetivu zitatu kuchokera ku pozitivu imodzi, ya mphindi zinayi, zisanu ndi imodzi, ndi zisanu ndi zitatu, muzigoneke pa pepala limodzi pa dzuwa limodzi. Yomwe yapereka buluu wakuya mumthunzi diresi likadali ndi mapindo, nthawi yake ndiyo yanu.

Timadontho toyera pa negetivu, tobwera ndi fumbi, timatuluka takuda pa chithunzi. Titsekeni ndi nsonga ya cholembera chofiira chosafufutika, ndipo pomwe mukufuna kupepuza pang'ono, monga pa tsaya, detsani ndi pensulo yofewa ya 2B mopepuka. Pa pozitivu pensulo imadetsa chithunzi, pa negetivu imachiyeretsa.

Za negetivu za kala, mvetserani, chifukwa mwina ndizo zambiri m'katonimo. Zili ndi utoto wa olenji paliponse, ndipo filimu ya ortho siona bwino kuwala kodutsa mu olenji, ndiye nthawi imatalika kwambiri. Choipa kuposa apo, mitundu imasokonekera: chitenje chofiira chimatuluka chakuda, thambo limayera, nkhope zimada kuposa mmene zinalili. Mankhwala ake ndi kupanga pozitivu pa filimu yoona mitundu yonse, monga Ilford FP4 Plus, mumdima wa ndiweyani, popanda getsi lofiira n'lomwe. Apa njira ya pozitivu yaing'ono ndiyo imathandiza. Gonekani negetivu ya kala pa chidutswa cha FP4, walitsani pang'ono, tsukani m'thanki monga mwa masiku onse koma mochepetsako nthawi, kenako pozitivuyo, yomwe tsopano ndi yakuda ndi yoyera, muikulitse pa X-ray getsi lofiira likuyaka. Musayambire pamenepa. Dzanja lizolowere kaye pa zakuda ndi zoyera.

Mudzamva za njira ya sitepe imodzi, yomwe filimu imatembenuzidwa m'mankhwala n'kutuluka negetivu mwachindunji. Imagwira ntchito, koma imafuna potassium dichromate, yemwe amayambitsa khansa, kapena permanganate wosakaniza ndi sulphuric acid. M'nyumba momwe muli ana ndipo madzi otaya amathera pabwalo, sindingakulimbikitseni. Mudzamvanso za kupanga negetivu papepala la zithunzi la RC. Pophunzirira n'labwino, koma limatchinga kwambiri ultraviolet, moti mudzadikira padzuwa nthawi yaitali. Ndipo kompyuta sindiinyoza ayi. Sikana yabwino ndi pulinta ya inki pa pulasitiki yoonekera zimapanga negetivu zabwino, ndipo ndi njira yomwe ambiri akutsata masiku ano. Kungoti ya pa fotokope ya pa boma inki yake njopyapyala, dzuwa limadutsa ndipo poyera pamachita buluu. Inu muli ndi enlarger ya bambo, ndipo filimu imasunga kutuwa kosalala komwe fotokope singakupatseni.

Potsukuluza, mphindi 10 mpaka 15 m'madzi osinthasintha zakwana, ndipo m'nyengo yotentha musaisiye filimu m'madzi kupitirira apo. Madzi a m'mijigo yambiri ya kunyanja kuno ali ndi mchere womwe umasiya mawanga filimu ikauma, ndiye kotsiriza tsukuluzani m'madzi a mvula osefa, mutadonthezamo Photo-Flo, mankhwala oletsa mawanga a madzi, ngati muli naye. Ipachikeni ndi ngodya imodzi m'kabati yotseka kapena m'katoni yaikulu. Inu a ku Nkhotakota mukuidziwa nkhungu ikatuluka m'nyanja ngati utsi. Tizilomboti timatsatira getsi, timalowa paliponse, ndipo kamodzi kokha kakatera pa filimu yonyowa kamakhala pomwepo mpaka kalekale. Madzi a mchere omwewo amasulutsanso buluu wa cyanotype, choncho potsuka chithunzi thirani supuni ya viniga kapena madzi a ndimu m'beseni loyamba. Koma ferricyanide asayandikane ndi asidi wamphamvu ngati wa m'batire la galimoto, chifukwa pamatuluka mpweya wakupha. Fixer wotha ntchito ali ndi siliva yemwe amapha zamoyo za m'madzi. Musamutaye kunyanja, mumtsinje kapena pafupi ndi chitsime. Musungeni m'chigubu mutaponyamo waya wotsukira mapoto, siliva adzakhazikika pansi ngati matope akuda.

Poyambira sankhani negetivu imodzi yakuda ndi yoyera, yopanda chuku, yomwe ili ndi chovala choyera, nkhope ya munthu, ndi zilembo penapake, kaya dzina la bwato kapena chikwangwani cha golosale. Zilembozo zidzakuuzani ngati mwatembenuza chithunzi, chovala ndi nkhope zidzakuuzani za pozitivu. Khalani pa imodziyo mpaka itatuluka bwino, ngakhale bokosi lifike theka. Pozitivu yabwino ikapezeka, isungeni m'envulopu yakeyake mutalembapo masekondi, developer ndi kutentha kwa madzi, chifukwa kuchokera pa iyo mudzapanga negetivu zambiri momwe mungafunire, yofewa ya cyanotype lero, yolimba ya Van Dyke chaka chamawa, osakhudzanso ya bambo. Za bambozo muzichotse m'katoni, muziike m'mapepala oyera m'chitini chotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel tija timabwera m'mabokosi a nsapato, pamalo okwera, kutali ndi khoma lomwe limanyowa m'dzinja.

Mukatulutsa pozitivu yoyamba mundilembere, achimwene. Mundiuze masekondi, kutentha kwa madzi, ndi ngati maso a anthu a mumthunzi akuoneka, tidzapitirizire pamenepo.